Njinga ya pa Chiliza cha Apongozi

Ndinene poyamba pomwe, kuti musavutike kundifufuza ngati mmene anandifufuzira Fatima, mwana wa bwana wanga: njingayo ndinaba ndine. Sowo sindinaigwire ndi manja anga, ayi, ndinali kuno ku Doha ndikuyendetsa bwana. Koma amene anatuma munthu kumanda ndine, Nedson Phwitiko, mwamuna wa Callista, bambo wa Eveless. Mandawo anali a apongozi anga, bambo ake a Callista yemweyo.

Bwana wanga wa kudera la Nuaija kuno ku Doha ali ndi matenda a njinga zakale. Kukwera sakwera, mimba singamulole. Amangogula n'kupachika m'galaja, ndipo galajayo imazizira kuposa chipinda chimene ndimagona ine munthu. Muli za ku Italy, za ku England, za ku India, zonse zachitsulo chenicheni, zoti ukagogoda ndi kiyi zimalira. Chaka chatha kunamveka kuti pa madalaivala awirife mmodzi kontrakiti yake sairinyuwa, ndipo mnzangayo amalankhula Chiarabu ngati anabadwira konkuno. Ndiye tsiku lina titaima pamaloboti bwana anadandaula kuti alibe njinga ya ku Africa yopangidwa pamanja. Pakamwa pangapa, abale inu! Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Mudir, mafi mushkila, palibe vuto. Kwathu iliko."

Inalikodi. Apongozi anga a Macfussy Thauzeni anaphunzira ntchito pa fakitale ina ya njinga ku Chipata, n'kubwerera kwawo pa Kamwendo ku Mchinji mu 1989. Anamanga kashedi kamalata n'kuyamba kupanga mafelemu awoawo. Ankatola mapaipi a mabedi akale otayidwa, kuwadzaza mchenga wouma kuti asaphwanyike popinda, kuwaotcha, kuwapinda, kenako kuwotcherera. Njinga ya Thauzeni unkaisenzetsa matumba atatu a chimanga, mayi ndi mwana pamwamba, iyo osadandaula. Pansi pa felemu, pamene pamazungulira mapedulo, ankakhomapo madontho atatu ndi nambala.

Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Tsiku limene ndinakaonekera pakhomo pawo anandigwira dzanja, kulitembenuza, n'kunena kuti, "Manja a kalaliki." Zaka zonsezo sananditchulepo dzina, ankangoti "a dalaivala". Inenso mtima wanga ndi wapachala. Ndinalumbira kuti kushedi kwawoko sindidzakhalako ngakhale mphindi zisanu, ndipo sindinakhaleko.

Apongoziwo anamwalira mu 2021, nthawi ya mliri ija, maulendo atavuta. Kumaliro sindinapite. Njira zitatseguka sindinapitebe, tchuthi chilichonse ndinkachipezera chifukwa. Callista ankati, "Bambo a Eveless, bwerani mudzangoona manda, pali nkhani." Ine ndinkati chaka chamawa. Atamanga chiliza ananditumizira chithunzi. Njinga yomaliza imene apongozi anapanga, yakuda, anali ataiimika pamwamba pa manda, matayala atalowa m'simenti.

Msuweni wanga Golden ndi munthu woti ukamutuma safunsa. Anapita masana dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli ku mpira. Kwathu munthu salowa kumanda wamba popanda maliro, choncho panalibe womuona. Anadula masipoko ndi sowo n'kusiya malimu awiri ali chiimire m'simenti. Felemu, handulo, tcheni, mapedulo ndi chishalo zinabwera pandege m'katoni. Bwana ndinamuuza kuti inali ya mlimi wa fodya wa ku Kasungu amene anaikwera zaka makumi awiri. Anandimenya paphewa, "Mashallah, Nedson!" Kontrakiti anairinyuwa sabata yomweyo.

Panapita miyezi iwiri kumudziko kusanagwe maliro ena. Adzukulu atapita kukakumba anapeza malimu okhaokha. Callista anandiimbira akulira moti mawu sankatuluka bwino. Ine, wopanda manyazi ine, ndinati, "Ndi ogula zitsulo zakutha amenewo, alibe umunthu."

"Bambo a Eveless," anatero atatonthola, "munthu ameneyo ndikadzamudziwa, kaya ndi wa bere limodzi ndi ine, kwa ine adzakhala wakufa. Sindidzamulankhulanso mpaka nane ndidzalowe m'manda."

Callista sanena zinthu kawiri. Ndakhala naye pabanja zaka khumi ndi zinayi, ndikumudziwa. Anasiya kulankhula ndi azakhali ake pa nkhani yochepa kuposa iyi, ndipo mpaka lero akakumana kuchigayo amangodutsana.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Kenako kunabwera Fatima, mwana wamkazi wa bwana, amene anaphunzira ntchito ya m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Anakonza zoti nyengo yozizira ikafika njinga za bambo ake zikaonetsedwe kugombe la Ras Abu Aboud, pafupi ndi bwalo la mpira lomangidwa ndi makontena lija. Njinga iliyonse inkafunika kakhadi kake konena amene anaipanga, chaka chake, ndi amene anaikwera. Za ku Ulaya anamaliza m'masabata awiri. Atafika pa yathu ija anakoka mpando, kuyatsa tochi, n'kukhala pansi.

Mtsikana ameneyu sakweza mawu. Bola akanakhala wokalipa, ndikanadziwa pomugwira.

"Nedson, mlimi wako uja anaikwera zaka zingati?"

"Makumi awiri, madamu."

"Bwera uone." Analoza mano amene amakoka tcheni. "Mano awa sanadyeke ngakhale pang'ono. Mapedulo sanapondedwepo. Njinga iyi sinayendepo, Nedson."

Ndinati mwina mlimiyo anasintha zipangizo asanagulitse. Anagwedeza mutu ngati wavomera, n'kulemba m'kabuku kake. Mawa lake anandiitananso. Utoto wa mbali ya kumanja unali wofwifwa, wa kumanzere wakuda bii. "Inaima malo amodzi zaka ziwiri kapena zitatu, dzuwa likuiwomba mbali imodzi," anatero. Tsiku lachitatu anandionetsa timadontho totuwa timene anakanda pansi pa felemu ndi kampeni n'kuika m'kabotolo. Inali simenti.

"Ndani amaimika njinga yatsopano m'simenti?" anafunsa. Sankafunsa ine kwenikweni, maso ake anali pa njingayo. M'galaja mozizira muja ine malaya ananyowa kumsana.

M'nyumbamo mumagwira ntchito Lweendo, mayi wa ku Lusaka, wamtima wabwino koma wosatha kukhala pansi pakakhala nkhani. Fatima anamupatsa chithunzi cha madontho atatu aja ndi nambala 84. Lachisanu, lomwe ndi tsiku lopuma kuno, Lweendo anakwera basi kupita kutchalitchi ku Abu Hamour, kumene Amalawi ndi a ku Zambia amacheza akaweruka mapemphero, n'kuyendetsa foni yake m'manja mwa anthu. Ine tsiku limenelo ndinati mutu ukundiwawa, sindipita.

Anabwerako nkhope ikuwala. "Ba Nedson, imwe! Anthu aidziwa! Ati ni ya Thauzeni wa pa Kamwendo. Manje akazi anu si a ku Mchinji kwamene uko?"

"Mchinji ndi yaikulu," ndinatero.

Kuyambira pamenepo mauthenga anayamba kubwera tsiku ndi tsiku. Mlonda wina wa pahotela anatumiza mawu a amalume ake. Mzamba wopuma ntchito wa ku Kapiri anati nambala 12 inali yake, anayenda nayo midzi isanu ndi umodzi kukachiritsa amayi. Wakabaza wa ku Chipata anajambula nambala 57 ili pamsewu itanyamula mbuzi ziwiri ndi mwini mbuzi. Fatima ankaseka, kulemba, n'kumata mapepala pakhoma la galaja. Ine ndikalowa kukatenga ndowa ndinkaona manambala akukwera kulunjika pa 84. Ndinkawamva anthuwo akutamanda apongozi anga, ndipo ndikuuzeni zoona, zambiri ndinkazimva koyamba. Sindinkadziwa kuti mzamba uja anamupangira felemu yotsika pakati kuti azikwera atavala chitenje. Sindinkadziwa kuti ankayeza munthu mwendo ndi chingwe asanadule paipi.

Wakabazayo ndiye anandimaliza. Lweendo anaika uthenga wake pa sipika, iye akumasulira Fatima m'Chingerezi. "Njinga ya Thauzeni sisowa mwini," anatero bamboyo. "Mdala uja asanaike chishalo ankadula kachidutswa ka chitini, kukhomapo dzina la munthu amene akumupangira, n'kukaponya m'paipi ya pansi pa chishalo. Yangayi inabedwapo kawiri. Titaipeza tinangozula chishalo, kuitembenuza, dzina langa n'kugwa pansi anthu akuona."

Zaka zonse zija ndili mkamwini pakhomo paja, ine osadziwa zimenezi! Ndikanadziwa bwanji poti kushedi sindinkakhalako? Ndinaganiza msangamsanga. Njinga yomaliza, yosagulitsidwa, ndiye kuti anadzipangira okha. M'paipimo muli dzina loti Macfussy Thauzeni, ndipo munthu aliyense wa pa Kamwendo akudziwa pamene njinga yomalizayo inaima. Likangotuluka dzinalo, Fatima alitumiza kwa anthu ake onse aja, ndipo sabata sitha nkhani isanafike kwa Callista.

"Yalla, tizule chishalo," anatero Fatima.

Chishalo chinakana. Mvula inali italowa m'paipi, dzimbiri n'kumanga chitsulo ndi chitsulo. Ndinathokoza Mulungu, ine wakuba, ndinathokoza ndithu. Koma bwana ali ndi makaniko wake, Mussa wa ku Sudan, munthu wosapupuluma. Fatima anamuletsa kudula kapena kuotcha. Ndiye m'mawa uliwonse Mussa ankadontheza mafuta pamlomo pa paipi, kugogoda ndi kahamala kamtengo, n'kunena kuti, "Shwaya shwaya," kutanthauza pang'onopang'ono. Ine ndikamatsuka galimoto panja ndinkamva kugogodako, go, go, go, ndipo tsiku lililonse kamvekedwe kake kankasintha. Chakudya chinasiya kulowa. Lamba ndinamuboola bowo lina.

Tsiku lina masana, onse akupuma, ndinalowa m'galaja. Ndinatenga hamala yaikulu, kuyala chiguduli pachishalo, n'kumenya katatu kuti chilowe zolimba. Uchitsiru wake! M'mawa mwake Mussa anayeza ndi chala n'kumwetulira. "Chatsika," anatero. "Chikatsika ndiye kuti dzimbiri lasweka. Wina watithandiza." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku mafuta ake.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinaimbira Callista kuti ndiulule. Mawu onse ndinali nditakonza. Iye anayamba kundiuza za Eveless, kuti wakhoza masamu, kuti nsapato zamuthina. Kenako anati malimu aja akadali pamanda, wakana kuti awachotse, akufuna aliyense wobwera kumaliro aziona zimene munthu anachita. Mawu anga onse aja anathawa. Ndinafunsa za mvula n'kutsazika.

Loweruka m'mawa Lweendo anabwera ndi kapepala. Mlonda wa pahotela uja anali atapeza nambala ya foni ya mwana wa Thauzeni. Anandionetsa monyadira. Sindinafunike kuwerenga mpaka kumapeto, nambala imeneyo ndimaiimba ngakhale nditatsinzina.

"Nedson, usachoke," anatero Fatima. "Mussa akuti lero chizuka, koma pakufunika munthu wamphamvu."

Anaimika felemu pakati pa galaja. Mussa anaipana ndi mawondo, ine ndinagwira chishalo. Fatima ananyamula foni, Lweendo pambali pake kuti azimasulira. Inaitana kawiri.

"Halo?" Mawu a mkazi wanga anadzaza galaja yonse. Kumbuyo kwake kunkamveka nkhuku ndi wailesi ya kwa aneba, ndipo ndinadziwa kuti wakhala pakhonde, pampando wabuluu uja. Ndinamusowa nthawi yomweyo kuposa mmene ndinamusowera zaka zonse ndili kuno.

Lweendo anafotokoza mwaulemu kuti akuimba kuchokera ku Qatar, kuti kuno kuli njinga yopangidwa ndi bambo ake, ndipo madamu akufuna kulemba mbiri yawo.

"Ku Qatar," anatero Callista. Sanafunse, anangobwereza. "Nambala yake ndi chiyani?"

"Ni 84, amayi."

Callista anangoyankha ndi liwu limodzi.

"Ndionetseni."

Fatima anayatsa kamera ya foniyo n'kuiyandikiza pa felemu. Anayamba ndi madontho atatu aja, n'kumakwera ndi paipi mpaka pachishalo. Nkhope yanga sinkaoneka, koma manja anga anali pompo. Ndinafuna kuwachotsa, Mussa anandikodola kuti ndigwire zolimba.

Callista anayamba kulankhula pang'onopang'ono, akumudikira Lweendo kuti amasulire. "Yomalizayi bambo anaipanga akudwala kale. Inawatengera miyezi isanu, ankawotcherera pang'ono n'kukagona. Sanaigulitse chifukwa inali ndi mwini wake. Anati munthuyo asauzidwe, adzabwere yekha, adzakhale nawo pashedi ngakhale pang'ono, adzaitenge ndi manja ake. Sanabwere. Atamwalira tinaiimika pamanda, koma simenti tinathira yochepa dala, kuti tsiku limene munthuyo adzabwere kudzaona manda tidzaizule timupatse pompo." Anapuma. "Zulani chishalocho."

Ndinapotoza mofooka dala, ndikuyembekeza kuti chikana. Koma hamala yanga ija inali itagwira kale ntchito. Chinalira kwiii, chinazungulira, n'kuzuka, ine n'kutsala nacho m'manja. Mussa ananyamula felemu n'kuitembenuza. Munatuluka mchenga pang'ono, fumbi la dzimbiri, kenako kachitini kanagwa pasimenti, ngwee.

Fatima anakatola n'kukapukuta ndi chala. Anawerenga. Lweendo anasuzumira, anagwira pakamwa, "Mayo ine!" Ndiye Fatima anatambasula dzanja kuti nane ndione.

NEDSON PHWITIKO.

Munthu amene sananditchulepo dzina analikhoma ndi msomali, chilembo chimodzichimodzi, osalakwitsa ngakhale chimodzi. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni, chifukwa mdala uja anandidikira ine ndikumuda.

"Musavutike kundiwerengera," anatero Callista. "Ndikulidziwa. Chitinicho ndinkagwira ndine pamene ankakhoma." Kenako analankhula kwa Lweendo. "Achemwali, manja amene anagwira chishalo aja ndawaona. Muwauze eni ake kuti njingayo ndi yawo, asunge."

"Mayi a Eveless!" ndinafuula. "Callista, ndimvere kaye, ndikufotokozere!"

Anadikira mpaka nditamaliza, ngati mmene munthu amadikirira galimoto kuti idutse. Kenako anati, "Achemwali, pali china chimene madamuwo akufuna kudziwa za bambo anga?"

Fatima anandiyang'ana, anayang'ana foni, n'kutsegula kabuku kake. Anacheza theka la ola. Callista anayankha funso lililonse mofatsa, za ku Chipata, za mchenga, za chingwe choyezera miyendo, za chaka chimene shedi inasasuka ndi mphepo. Ine ndinaima pomwepo chishalo chili m'manja, palibe anandiuza kuti ndikhale kapena ndichoke.

Ntchito sanandichotse. Fatima anauza bambo ake kuti njingayo ndi yanga, anangoibwereka, ndipo chionetsero chikatha ndiitenge. Ndinainyamula ndine pagalimoto kupita nayo ku Ras Abu Aboud. Anaiimika yopanda matayala, mmene inabwerera, kachitini kaja kali m'kabokosi kagalasi pambali pake. Pakakhadi analemba dzina la a Macfussy Thauzeni, Kamwendo, 2021, kenako dzina langa ngati mwini wake, ndi mawu akuti sinakweredwepo. Anthu ankaima, kuwerenga, kujambula, n'kumapita. Ine ndinkadikira bwana kumalo oimika magalimoto.

Lamlungu lililonse ndimaimba nambala ija. Imaitana kawiri, amayankha ndi Eveless. Amandiuza za kusukulu, za nsapato zatsopano, za mbuzi imene yaswa. Ndikamufunsa kuti amayi ali kuti, amati, "Ali pompano, adadi."